Khamu la mpira wa mayunivesite ku America: kodi limasunga malo a mbiri kapena limawawononga?

Ku United States, mpira umene umadzaza mabwalo aakulu koposa si wa makalabu a akatswiri olembedwa ntchito koma wa matimu a ophunzira a m'mayunivesite. Ndi mpira wachimereka, uja wosongoka mbali zonse ziwiri, umene osewera ovala zipewa zolimba amathamanga nawo m'manja n'kumagwetsana. Mayunivesite anayamba kupikisana pa 6 Novembala 1869, pamene Rutgers inakumana ndi Princeton ku New Jersey, ngakhale malamulo a tsikulo anali osiyana kwambiri ndi a lero. Masiku ano bwalo la University of Michigan, mumzinda wa Ann Arbor, limalowa anthu 107,601, ndipo pa 7 Seputembala 2013 munalowa anthu 115,109 pamene timuyo inkasewera ndi Notre Dame. Mzinda wonse wa Ann Arbor uli ndi anthu pafupifupi 124,000. Ku Nebraska, bwalo la yunivesite likadzaza, anthu ali m'menemo amaposa a mzinda wina uliwonse m'chigawocho kupatula Omaha ndi Lincoln.

Timu iliyonse imasewera pakwawo maulendo 6 kapena 7 pachaka, kawirikawiri Loweruka, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala. Ochemerera sadikira ola la masewero. Ena amafika Lachisanu, kuimika magalimoto paliponse pamene pali mpata, kukhoma matenti, kuwotcha nyama ndi kumwa mowa kuyambira m'mawa. Ambiri ndi anthu amene anaphunzira pa sukuluyo kalekale, ndipo amabwera ndi ana ndi adzukulu. Mabwalo ambiri otchuka anamangidwa m'zaka za m'ma 1920, m'kati mwa sukulu kapena m'mphepete mwake, choncho khamuli limadutsa pa laibulale, pa tchalitchi, pansi pa mitengo yakale ndi pa zipilala zokumbukira asilikali. Mtsutso wagona pamenepa. Ena amati khamu ndi limene limapatsa malowa moyo ndi kuwateteza. Ena amati limawapondaponda, limawalanda tanthauzo, ndipo kufuna kulisangalatsa kumachititsa kuti ena mwa malowa agumulidwe.

Oikira kumbuyo khamu amati malo satchuka okha, amatchuka chifukwa anthu amabwererako. Amaloza ku Auburn, tauni ya anthu pafupifupi 76,000 m'chigawo cha Alabama, kumene bwalo la Jordan-Hare limalowa anthu pafupifupi 88,000. Pamphambano ya College Street ndi Magnolia Avenue, pachipata cha yunivesite, pali malo otchedwa Toomer's Corner, dzina lochokera ku sitolo ya mankhwala imene Sheldon Toomer, yemwe anasewerako mu timu yoyamba ya sukuluyo, anayambitsa mu 1896. Tsidya lina la mphambanoyo panali mitengo iwiri ya oak. Auburn ikapambana, ochemerera amachoka m'bwalo n'kukhamukira kumeneko, kumaponya mipukutu ya tishu m'nthambi mpaka mitengo kuyera mbee. Mwambowu wachitika kwa zaka makumi angapo. Mitengo ya oak ili ponseponse kum'mwera kwa America, ndipo iwiriyi sinali yaikulu kapena yakale kuposa inzake. Chimene chinaisiyanitsa n'chakuti mabanja ambirimbiri anali ndi tsiku lachisangalalo limene ankalikumbukira pansi pake. Pakanapanda mpira, amatero a mbali iyi, mitengoyi ikanadulidwa tsiku lina pokuza msewu popanda wodandaula.

Ku University of Mississippi, m'tauni ya Oxford ya anthu pafupifupi 25,000, kuli malo a kapinga ndi mitengo okwana maekala 10 otchedwa The Grove. Pa tsiku la masewero pamadzaza matenti ofiira, abuluu ndi oyera. Azibambo amavala mataye, azimayi madiresi a kuphwando, ndipo ena amafika popachika nyale zagalasi zamtengo wapatali m'tenti. Osewera amadutsa wapansi pakati pa anthuwo popita ku bwalo. Malo aakulu chonchi, pakatikati pa sukulu imene ikukulirakulira, akanakopa ofuna kumanga zipinda zophunziriramo kapena malo oimikapo magalimoto. Oikira kumbuyo khamu amati palibe mkulu wa yunivesite angayerekeze kutero, chifukwa ambiri mwa anthu amene amathandiza sukuluyo ndi ndalama ndi omwewo amene amakhala m'matenti pansi pa mitengoyo.

Chitsanzo chimene otsutsa amavutika nacho n'cha ku Iowa. Mu 2017 chipatala chatsopano cha ana, Stead Family Children's Hospital, chinatsegulidwa pafupi ndi bwalo la Kinnick, ndipo chipinda cha pamwamba penipeni chimayang'ana m'bwalomo. Kuyambira Seputembala chaka chimenecho, gawo loyamba mwa magawo anayi a masewero likatha, anthu pafupifupi 70,000 amatembenuka n'kubaibitsa ana odwala amene ali pamawindo. Osewera a matimu onse awiri ndi oimbira omwe amatero. Palibe chimene chimapondedwa kapena kuthyoledwa, ndipo chipatalacho chinadziwika m'dziko lonse chifukwa cha mwambowu.

Mfundo yawo yomaliza ndi ya ndalama. Mahotela amadzaza, malo odyera amagulitsa zochuluka, ndipo ku Ann Arbor sukulu ya sekondale ya Pioneer, imene ili tsidya la msewu kuchokera pa bwalolo, imalipiritsa oimika magalimoto pamalo pake, monga amachitiranso eni nyumba pa kapinga wa pakhomo pawo. Pa za phokoso ndi kuthithikana kwa magalimoto amati mlendo ndi mame: masiku 7 okha pachaka si chinthu choti tauni ilire nacho.

Otsutsa amayambira pa mitengo yomweyo ya ku Auburn, koma amafotokoza nkhani yake mpaka kumapeto. Tishu wa usiku wa chikondwerero ankayenera kuchotsedwa, ndipo kwa nthawi yaitali antchito ankamuchotsa ndi madzi amphamvu a m'mapaipi, amene ankayoyola masamba ndi mphukira zomwe. Nthaka yozungulira mizu inali itagangatika ndi mapazi. Kenako pa 26 Novembala 2010 Auburn inagonjetsa mdani wake wamkulu, University of Alabama, ndi mapointi 28 kwa 27, itayamba yatsalira ndi 24 kwa 0. Patangopita masiku ochepa, wochemerera wina wa Alabama anathira mankhwala ophera zomera otchedwa Spike 80DF m'nthaka ya mitengoyo, ndipo mu Januwale 2011 anaimba foni pa pulogalamu ya wailesi n'kudzitamandira. Akatswiri a zomera a yunivesiteyo anachotsa dothi, anathira makala okoka poizoni, anayesa njira zina kwa zaka ziwiri, koma osaphula kanthu. Mitengoyo inadulidwa pa 23 Epulo 2013. Munthuyo anavomera mlandu, anakhala m'ndende miyezi ingapo, ndipo khoti linamulamula kulipira pafupifupi $800,000. Mitengo yatsopano inadzalidwa mu Febuluwale 2015. Mu Seputembala 2016, Auburn itagonjetsa timu ya yunivesite ya LSU, munthu wina anayatsa tishu amene anali pa umodzi mwa mitengoyo, mtengo n'kupsa, ndipo mu 2017 anadzalanso ina. Otsutsa amati kutchuka kumene mpira unaipatsa mitengoyi n'kumene kunaiphetsa, chifukwa palibe akanavutika kuthira poizoni mtengo wosadziwika. Ku yunivesite ya Clemson nakonso, mwala wotchedwa Howard's Rock, umene osewera amaukhudza polowa m'bwalo, unabenthulidwa mu 2013.

Chachiwiri chimene amadandaula ndi tanthauzo. Ku Notre Dame, yunivesite ya Akatolika m'chigawo cha Indiana, pakhoma la laibulale ya Hesburgh pali chithunzi cha miyala chotalika mamita pafupifupi 41, chimene Millard Sheets anakonza ndipo chinatsegulidwa mu 1964. Chimaonetsa Khristu ngati mphunzitsi, atakweza manja, pamwamba pa aneneri, atumwi ndi anthu ophunzira a mibadwo yosiyanasiyana. Dzina lake ndi Word of Life. Koma poti chimayang'ana ku bwalo, ndipo manja okwezawo amafanana ndi chizindikiro chimene woimbira amapereka timu ikagoletsa, dziko lonse limachidziwa kuti Touchdown Jesus. Chithunzi chonena za nzeru ndi chikhulupiriro chinasanduka nthabwala ya mpira. Ndiye bwalo litakuzidwa mu 1997, kuchoka pa mipando 59,075 kufika pafupifupi 80,000, khoma latsopano linabisa mbali ina ya chithunzicho kwa okhala m'bwalo. Pa sukulu yomweyo, phanga la mapemphero lomangidwa mu 1896 linagwira moto mu 1985 chifukwa cha makandulo ochuluka oyatsidwa kumathero a sabata ya mpira. Mabwalo a Nebraska ndi Berkeley, onse otsegulidwa mu 1923, anamangidwa pokumbukira asilikali, ndipo la Wisconsin lili pa Camp Randall, pomwe asilikali oposa 70,000 anaphunzitsidwa pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Otsutsa amafunsa kuti mwa anthu othamangira pampando mowa uli m'mutu, ndi angati amaima kuwerenga zolembedwa pa chipata cha chikumbutso.

Palinso funso lakuti mwambo umene khamu limasunga ndi wa yani. Pafupi ndi The Grove pali malo otchedwa The Circle, pamene mu 1962 panabuka zipolowe zokana James Meredith, munthu wakuda woyamba kuloledwa kuphunzira pa sukuluyo, ndipo anthu awiri anafa. Pamalo omwewo panali chiboliboli cha msilikali wa zigawo za kum'mwera zimene zinamenya nkhondo pofuna kusunga ukapolo, choimikidwa mu 1906. Kwa zaka zambiri ochemerera ankakupiza mbendera za zigawo zimenezo m'bwalo, pamene ambiri mwa osewera amene ankawachemerera anali akuda. Yunivesite inathetsa zimenezi mu 1997 poletsa ndodo zomangirirapo mbenderazo kulowa m'bwalo, ndipo chiboliboli chinasamutsidwira kumanda a pa sukulupo mu Julaye 2020. Zonse ziwiri zinachitika gulu lina la ochemerera ndi ophunzira akale likukana kwamtuwagalu. Mphamvu yomweyo imene imateteza mitengo ya The Grove ndi imene inachedwetsa kuchotsa zizindikiro zimene zinkauza ophunzira akuda kuti malowa si awo.

Umboni wolemera kwambiri wa otsutsa uli ku Berkeley, m'chigawo cha California. Bwalo la kumeneko linamangidwa pamwamba pa mng'alu wa pansi pa nthaka wotchedwa Hayward Fault, umene ukhoza kubweretsa chivomezi chachikulu, ndipo panali chifukwa chomveka cholilimbitsira. Koma mapulani anaphatikizaponso nyumba yatsopano yochitira maphunziro olimbitsa thupi ya osewera, pamalo pamene panali nkhalango yaing'ono ya mitengo ya oak. Pa 2 Disembala 2006 anthu otsutsa anakwera m'mitengomo n'kumagona momwemo mosinthanasinthana. Anakhalamo miyezi 21, mlandu uli kukhoti. Yunivesite inapambana, mitengo pafupifupi 40 inadulidwa, ndipo omaliza anatsika pa 9 Seputembala 2008. Kukonza bwalo lokha kunadya $321 miliyoni, ndipo pamodzi ndi nyumba ija ngongole inafika pafupifupi $445 miliyoni. Chiyembekezo chinali chakuti ochemerera olemera adzagula mipando ya zaka 40 kapena 50, koma ogula anachepa, ndipo patapita zaka zochepa yunivesite inasenza gawo lalikulu la ngongoleyo kuchokera m'thumba limene limayendetsanso maphunziro.

Pa za ndalama zolowa m'tauni, otsutsa ali ndi kafukufuku. Mu 2008 akatswiri a zachuma Robert Baade, Robert Baumann ndi Victor Matheson anaunika mizinda 63 yokhala ndi matimu akuluakulu, kuyambira 1970 mpaka 2004, ndipo sanapeze umboni wakuti mpirawu umachulukitsa ntchito kapena ndalama zimene anthu a mumzinda amapeza. Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Hotela ikadzaza ndi ochemerera, alendo ena amasowa malo. Wokhala mumzinda woopa khamu sapita kukagula zinthu tsikulo, ndipo amene wagula tikiti wasiya kugula china. Mu 2009 Daniel Rees ndi Kevin Schnepel anapeza kuti pa masiku a masewero a pakhomo milandu yomenyana imakwera ndi 9 peresenti, ndipo yowononga katundu ndi 18 peresenti. Ngakhale mayunivesite eni ake sapindula onse: mu 2019, mwa nthambi za zamasewero 130 za m'gawo lapamwamba, 25 zokha ndi zimene zinapeza ndalama zoposa zimene zinagwiritsa ntchito. Ngozi nazo zilipo. Pa 30 Okutobala 1993, Wisconsin itagonjetsa Michigan, ophunzira anakhamukira kutsika m'bwalo n'kupanikizana pa mpanda wachitsulo, ndipo pafupifupi 70 anavulala, ena modetsa nkhawa.

Oikira kumbuyo khamu ali ndi mayankho, ena olimba, ena ofooka. Pa za Auburn amati wothira poizoni anali munthu mmodzi, ndipo ochemerera a Alabama omwewo anasonkha pafupifupi $50,000 zothandiza kupulumutsa mitengo ya adani awo. Pa za Notre Dame amati dzina lanthabwala lija lakokera ku chithunzicho anthu ochuluka amene sakanapita kukaona khoma la laibulale, ndipo akafika amaona aneneri ndi atumwi aja. Yankho limeneli ndi lomveka, pakuti chithunzicho chikadalipo, chosamalidwa, ndipo dzina lake lenileni silinafufutidwe. Pa za chuma cha tauni alibe zambiri zonena kupatula kuloza mahotela odzaza, ndipo pamenepa otsutsa ali pamwamba. Pa za Mississippi amati zizindikiro zija zinachotsedwa ndithu, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali mpira womwewo, poti aphunzitsi a timu ankadandaula kuti mbenderazo zikuthamangitsa osewera akuda aluso. Zimenezi n'zoona, komabe zikuonetsa kuti chinasuntha akuluakulu chinali mantha a kugonja pabwalo osati dandaulo la ophunzira lokha.

Pali zinthu ziwiri zimene mbali zonse zimakonda kusakaniza. Choyamba ndi kuwonongeka kobwera ndi mapazi, zinyalala ndi chisangalalo chopyola muyezo. Kumeneku kumatheka kukuchepetsa ndi malamulo ndi ndalama. Kale ochemerera ankalowetsa magalimoto mu The Grove, koma mvula yamphamvu itasandutsa malowo matope mu 1991, magalimoto analetsedwa ndipo matenti analowa m'malo mwake. Antchito amatola zinyalala usiku womwewo, ndipo kapinga amadzalidwanso nyengo ya mpira ikatha. Ku Auburn tishu anayamba kuchotsedwa ndi manja, ochemerera anauzidwa kuponya pa mitengo ina ndi pa mawaya, ndipo analoledwa kubwerera ku mitengo iwiri ya pamphambano mu 2023, itakhwima. Ku University of Georgia, mpanda wa zitsamba wozungulira bwalo la Sanford unazulidwa kuti pakwane bwalo la mpira wamiyendo pa masewero a Olympics a 1996, pomwe Nigeria inagonjetsa Argentina 3-2 mu ndime yomaliza. Akatswiri anali atadula kale timphukira n'kutilera kwina, ndipo mpandawo unadzalidwanso kuchokera ku zitsamba zomwezo.

Chachiwiri ndi kumanga, ndipo ichi sichibwezeka. Sichichitidwa ndi khamu la Loweruka koma ndi akuluakulu a mu ofesi, amene amamanga m'dzina la khamulo pofuna mipando yodula ndi nyumba zokopera osewera. Mitengo ya ku Berkeley sinafe ndi mapazi a ochemerera. Ku Virginia Tech, m'tauni ya Blacksburg, kuseri kwa bwalo la Lane kuli nkhalango ya maekala pafupifupi 11 yotchedwa Stadium Woods, yokhala ndi mitengo ina ya zaka zoposa 300. Mu 2012 nthambi ya zamasewero inafuna kudula mbali ina kuti imange nyumba yochitiramo zokonzekera masewero. Ophunzira, aphunzitsi ndi anthu a m'tauni anakana, komiti inaunika nkhaniyo, ndipo nyumbayo inamangidwa pamalo ena. Ambiri mwa okanawo anali ochemerera timu yomweyo. Kusiyana kwa Blacksburg ndi Berkeley sikunali kukula kwa khamu koma kuti ku Blacksburg kunali malo ena omangapo, ndipo akuluakulu anamvera madandaulo makina asanafike.

Chimene mabungwe oyendetsa mpirawu akulimbana nacho panopa ndi kulowa kwa ochemerera m'bwalo masewero akatha. Pa 15 Okutobala 2022, Tennessee itagonjetsa Alabama 52 kwa 49, khamu linazula zitsulo za pagolo m'bwalo la Neyland, ena n'kuzinyamula mpaka kukaziponya mumtsinje wa Tennessee, umene umadutsa pafupi ndi bwalolo. Pa 5 Okutobala 2024 ochemerera a Vanderbilt anachita chimodzimodzi atagonjetsa Alabama yomweyo 40 kwa 35, kudutsa nazo mumsewu wa Broadway mumzinda wa Nashville mpaka kumtsinje wa Cumberland. Ligi ya SEC inalipiritsa sukulu iliyonse chindapusa cha $100,000. Chilangocho sichinaopseze aliyense. Tennessee inapempha ochemerera kuti asonkhe ndalama zogulira zitsulo zina ndipo anapereka zoposa $150,000, pamene Vanderbilt, zake zitavuulidwa mumtsinje, inazidula tizidutswa, n'kugulitsa kwa ofuna chikumbutso. Mu 2025 SEC inakweza chindapusa kufika $500,000 nthawi iliyonse, koma inasiya mpata wakuti chilango chikhoza kukhululukidwa ngati ochemerera adikira kuti timu yobwera ndi oimbira atuluke kaye m'bwalo. Mabwalo ena anaika zitsulo za pagolo zimene antchito amazigoneka pansi msangamsanga masewero akangotha, khamu lisanazifike.